Ndinati Amapha Tizilombo Tonse

Zikomo amai a pampando, zikomo nonse. Ndiimirira, chifukwa ndikakhala pansi mawu amandithawa. Amene simundidziwa, ndine amai Tembo a ku Kapata, amake Misozi. Amene mumandidziwa, dzina limene munkanditchula ndikangopotoloka ndikulidziwa. Munkati amai Tizilombo. Musagwetse nkhope, nanenso ndikanakhala inu ndikanaseka.

Andipempha kuti ndilankhule nanu inu amene mwayamba kupanga sopo wamadzi, polishi wa pansi ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi. Mabotolo anu ndawaona patebulo apo, ena mwamata kale malebulo onena zimene katundu wanu amachita. Ndawerengako angapo, mtima wanga wangoti myuu. Koma ndineneretu, musayembekeze kuti ndikuuzani amene analakwa pa nkhani yangayi. Mpaka lero imandizunguza mutu. Chimene ndikudziwa bwino ndi chimene ndinataya. Anthu analeka kukhulupirira mawu anga, ndipo ine ndimadyera pakamwa pomwepa, monga inunso.

Sopo ndinaphunzira kupanga monga mwaphunzirira inumu, m'ndowa, ndi mthiko waukulu, kuseri kwa nyumba. Ndinamutcha Mbee, chifukwa mbale zinkayeradi mbee. Apa sindikunama, sopo anali wabwino. Anayamba kugula ndi anansi, kenako amai ophika zakudya kumsika, kenako mashopu a ku Nabvutika kuno anayamba kuoda. Anyamata a njinga ankabwera m'mawa kudzanyamula makatoni. Ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba, kutchalitchi n'kumakhala kutsogolo.

Tsiku lina ndili m'shopu yaikulu m'tauni ndinanyamula botolo la sopo wa makampani aja, lolembedwa Chingerezi chokhachokha. Ndinaligula kuti ndikaone chimene amatiposa nacho. Kunyumba ndinawapatsa amuna anga, a Tembo, amene ndi kalaliki ndipo Chingerezi amachimva bwino.

"Atate ake Misozi, apa akuti chiyani?"

Anavala magalasi, n'kuyang'ana. "Akuti amapha tizilombo. Pafupifupi tonse."

"Nanga wathuyu sapha?"

"Kaya. Si sopo nayenso?"

Basi, nkhani yonse inali imeneyo. Palibe anayeza kanthu. Ine m'mutu mwanga munali tizilombo tija amanena a kuchipatala, tosaoneka ndi maso, toyambitsa kutsegula m'mimba. Nditapita kosindikiza malebulo, mawu akuti pafupifupi anali aatali, sankakwana pa kapepala. Ndinati chotsani ameneyo, akungodya malo. Panatsala: Mbee, amapha tizilombo tonse m'nyumba mwanu.

Sindinalekere pomwepo. Ndinapita ku wailesi ina ya konkuno kukajambulitsa chilengezo, ndi mawu angawa, chifukwa anthu ankati ndili ndi mawu okoma. Nthawi imene ndinakwanitsa kulipirira inali ija yotsatana ndi pulogalamu ya alimi. Inali nyengo yokolola. Ndinkamvetsera ndekha ndikulankhula m'wailesi, n'kumakweza kuti anansi amve. Malonda anakwera mpaka ndowa zinachepa. Anthu a kumidzi amene sindinawaonepo chibadwire ankafika pakhomo kufunsa kuti kwa amai a Mbee ndi pano.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, kunafika mesenjala wa khoti ndi chisamani. Ndinayamba ndaseka, kuganiza kuti wasokera nyumba. Wondisumira anali a Sakala, mlimi wa mudzi wina kufupi ndi Tamanda. Dzina lachilendo, munthu wachilendo. Mlandu wake unali wakuti ndinawanamiza ndi chilengezo, ndipo chimanga chawo chonse chawonongeka. Ndinafunsa a Tembo kuti chimanga ndi sopo zikumana pati?

Ku khoti ndi kumene ndinakamva. Mukudziwa masiku ano anthu sasunganso chimanga m'nkhokwe panja chifukwa cha akuba. Amachitonola, kuthira m'matumba, n'kuunjika m'nyumba momwe amagona. A Sakala anaona anankafumbwe ayamba kuboola matumba. Mankhwala a ufa aja othira m'chimanga anawakwerera mtengo. Ndiye atangomva pulogalamu ya alimi yatha, anamva mzimayi akuti pali Mbee, amapha tizilombo tonse m'nyumba mwanu. Anagula mabotolo, anasungunula m'madzi, anakhuthula chimanga pa mphasa, kuchiwaza bwinobwino, n'kubwezera m'matumba chisanaumitsitse. Chinachita chuku, chinada, chinanunkha. Anankafumbwe okha ndi amene ananenepa.

Ine ndinaimirira ndi ukali. Ndinati, "Olemekezeka, munthu wamkulu wa ndevu zake angathire sopo m'chakudya? Sopo ndi wotsukira mbale!"

A Sakala anali atavala jekete lalikulu, chipewa chili m'manja. Sanakweze mawu. "Olemekezeka, ine kusukulu sindinapite patali. Koma mawu akuti tonse ndimawamva. Amai awa sanati tina. Anati tonse, m'nyumba. Nankafumbwe si kachilombo? Sanali m'nyumba?"

Oweruza anali bambo wachikulire wosapupuluma. Anatembenukira kwa ine. "Amai Tembo, inu mumanena tizilombo titi?"

"Tija tosaoneka ndi maso."

"Munatchula zimenezo pa wailesi?"

"Iyayi. Koma aliyense amadziwa."

Anayang'ana anthu amene anadzaza mabenchi kudikira milandu yawo, n'kufunsa mai wina kuti akamva zakuti tizilombo m'nyumba amaganiza chiyani. Mai uja anati nsikidzi. Bambo wina kumbuyo anati mphemvu. Wina anati chiswe. Palibe ndi mmodzi yemwe anatchula tanga tija.

"Chabwino," anatero oweruza. "Tisiye tooneka. Tanu tosaonekato, munadziwa bwanji kuti tafa?"

Abale anga, khoti lonse linafa nazo nseko. Ndinayamba kunena kuti a makampani amalemba zomwezo, koma oweruza anati amene ali pamaso pawo ndi ine. Anawadzudzulanso a Sakala kuti akanayamba afunsa alangizi a zaulimi, ndipo chifukwa cha chimenecho sanandilipiritse zonse zimene ankafuna. Chigamulo chinali chakuti ndibweze gawo lalikulu la chimanga, ndichotse mawu aja pa mabotolo, ndipo ndibwerere ku wailesi yomweyo, nthawi yomweyo, ndikanene ndi pakamwa panga kuti sopo wanga sapha tizilombo tonse.

Ndinatuluka osadziwa ngati ndine wabodza kapena ayi. Wabodza amadziwa choona n'kunena china. Ine sindinkadziwa kalikonse, ndiye ndinanama liti? Koma chimanga cha eni chinali chitaola, ndipo mawu anali anga. Ndikaganiza mbali iyi ndinkapsa mtima, ndikaganiza mbali inayo manyazi ankandigwira. Mutu unkangozungulira pomwepo.

Nkhani inafika ku Kapata ine ndisanafike. Mashopu anabweza makatoni. Amai ophika kumsika ankandiwona n'kuyamba kutanganidwa ndi mapoto. Chimene chinandipweteka koposa si malonda iyayi. Tsiku lina ndinauza mnansi wanga kuti madzi abwera pa mpopi, iye n'kutuma mwana kuti akaone ngati ndi zoona. Kunyumba ya maliro ndinanena kuti mwambo uyamba masana, mai wina n'kuti, "Tifunse wina, awa amati tonse." Anthu anaseka pamaliro.

Malebulo ndinachotsa. Chimanga a Tembo anayamba kugula pang'onopang'ono n'kumatumiza. Koma za ku wailesi ndinakana. Ndinati ndife kaye. Ine kukaima pamene ndinkadzitamira paja, Chipata yense akumva, n'kunena kuti ndinali wabodza? Ndinati chilengezo chinaleka kale kumveka, anthu aiwala okha.

Apa ndi pamene ndinayamba kumwa, ndipo sindibisa. Ine amene ndinkatsogolera nyimbo kumpingo. Ndinayamba ndi pang'ono, kuti tulo tibwere. Kenako ndinkatuma munthu kukandigulira kachasu kutali, kumene sandidziwa. Mabotolo opanda kanthu a Mbee anali mbwee m'chipinda, ndiye ndinkathira mmenemo n'kuimika pa shelefu pakati pa anzake. Ndani angakayikire botolo la sopo m'nyumba ya wopanga sopo? A Tembo akapita kuntchito ndinkatseka chitseko. Ndowa zinauma, mthiko unagwira fumbi. Kutchalitchi ndinaleka, ndinkati miyendo ikuwawa. Masana ena ndinadzuka ndili pansi m'khitchini, chitenje chili uko, mbaula itazima, osakumbuka kuti ndagwa bwanji. Misozi, mwana wanga wamkulu amene amagwira ntchito ku Lusaka, akaimba foni ndinkangoiyang'ana mpaka ileke.

Loweruka lina m'mawa a Tembo anafuna kutsuka njinga yawo. Anatenga botolo pa shelefu, n'kuthira m'beseni. Ndinkawaona pa windo akuvundula madzi ndi dzanja, kuvundula, kuvundulanso. Kenako ananunkhiza. Analowa m'nyumba botolo lili m'manja.

"Amake Misozi, sopo wanuyu sakuchita thovu."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, mwina ndikanapeza poyambira kulira. Koma anangokhala pa mpando, n'kuliimika botolo pansi pakati pathu.

"Nanenso ndinalakwa," anatero. "Munandifunsa, ine n'kuyankha kuti si sopo nayenso. Koma izi sizitithandiza. Matumba otsiriza a chimanga ndagula. Ulendo uno sindituma munthu. Mupita ndi inu."

"Akandinyoze?"

"Akakunyozani mukamve. Kuno mukudzinyoza nokha, ndiye kusiyana kwake n'kotani?"

Ndinapita, osati chifukwa ndinagwirizana nazo, koma ndinalibe mphamvu zokanira. Tinakwera kalole kakang'ono, ine kutsogolo, matumba kumbuyo. Mutu unkagunda, m'kamwa muli gwa. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawalase nawo a Sakala, kuti mwakhuta tsopano, mwandimaliza.

A Sakala sitinawapeze, anali kudimba. Anatilandira ndi akazi awo, mai wamng'ono thupi, wovala kolona m'khosi. Anthu atatsitsa matumba, anandiyalira mphasa pa khonde, n'kundipatsa madzi m'kapu. Anagwada pondipatsa, ine amene ndinawaoletsera chakudya. Mawu anga onse aja anathawa.

"Ndinu amai a Mbee," anatero. "Ndakuzindikirani mutangopereka moni. Mawu ake ndi omwewo."

Ndinati ndine.

"Ku khoti sindinabwere, ndinali ndi manyazi. Paja amene anakakamiza kuti tigule ndine, osati abambo. Iwo ankakana. Ine ndinati, mverani, uyu ndi mzimayi mnzathu, akulankhula chathu chomwechi, angatinamize bwanji? Zija amalengeza m'Chingerezi ife sitizitengera, timadziwa kuti ndi za m'tauni, amangokometsa. Koma inu munalankhula ngati munthu wa pa mtondo."

Anandilowetsa m'nyumba kukandionetsa pamene panali matumba. Pansi panali patada, ndipo kafungo kanali kakadalipo. Anati chaka chimenecho anadya chimanga cha ganyu, ndipo abambo anakhala nthawi osawalankhula. Ankanena zonsezi mopanda mkwiyo, ngati akufotokoza za mvula. Ine ndinkafuna akwiye. Munthu wokwiya umadziwa pomugwira.

Titabwerera pa khonde ndinati, "Koma amai, ndithu, sopo m'chimanga?"

Anaseka pang'ono. "Lomba ndimaona kuti zinali zopusa. Koma si ife tokha. Kuseri uko wina anapopera thonje. Wina amasambitsa nazo mbuzi za nkhupakupa mpaka lero. Akuti a Sakala analakwitsa muyezo chabe."

"Mpaka lero? Chilengezo chinatha kalekale."

"Chinatha kwa inu. Kuno mawu akalowa satuluka okha."

Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi. Anatsitsa mawu.

"Pali mtsikana wina m'mudzi muno. Sinditchula dzina. Ali pa mankhwala aja a tsiku ndi tsiku, a kachilombo kaja. Watopa nawo, akuti amamulemetsa. Anasunga botolo lanu limodzi. Anabwera kwa ine mwakachetechete kudzandifunsa kuti, amama, poti anati tonse, kodi ndi kangakanso? Nditati ndizimwako pang'ono chabe m'madzi?"

Abale, thupi langa lonse linazizira. Kapu ija ndinaiika pansi. Ndinafunsa kuti munamuyankha chiyani.

"Ndinati usayerekeze, ona chimanga chathu. Iye akuti chimanga ndi china, magazi ndi ena. Ndiye ndinati dikira, khoti linalamula kuti eniake abwere pa wailesi anene okha. Ukamva kwa iwo. Chiyambire tsiku limenelo, pulogalamu ya alimi ikamatha amabwera kudzakhala pamene mwakhalapo. Timatsegula wailesi kudikira inu."

Anandiyang'ana, osati mondiweruza, koma mofunsa zenizeni.

"Kodi munabwera ife n'kuphonya? Paja mabatire nthawi zina amatithera."

Nkhuku zinkadutsa, dalaivala ankaliza hutala kumsewu. Miyezi yonse ija ine ndinkaganiza kuti za ku wailesi ndi chilango chofuna kundivula pagulu. Sindinaganizepo kuti kuli munthu amene akudikira yankho. Ndinali m'chipinda kumwa kachasu m'botolo la sopo, mwana wa eni ali pa khonde ndi botolo lomwelo, kudikira kuti ndimuuze ngati amwe. Ndinalira pamenepo, kulira koipa, kwa mamina. Amai Sakala anangondigwira bondo.

Ndinati, "Simunaphonye. Sindinapite. Muitaneni mtsikanayo ndimuuze pompano."

Anakana. Anati mtsikanayo akadziwa kuti iwo aulula sadzabweranso kwa iwo. Ndipo anati si iye yekha angakhale ndi funso limenelo, ena sanafunse chabe. Ndinawapempha kuti akamuuze madzulo omwewo kuti eniake abwera, akuti ayi, asamwe, ndipo asaleke mankhwala a kuchipatala. Ndinati zotsalazo azimva pa wailesi sabata yomweyo.

Ndinapitadi. A Tembo anandiperekeza mpaka pakhomo. Mnyamata wojambula mawu anafuna kundithandiza, anati tingakonze bwino kuti zisamveke zochititsa manyazi, tinene kuti pali kusintha pang'ono pa malonda athu. Ndinati iyayi, kukonza bwino ndi kumene kunandifikitsa pano. Ndinanena dzina langa. Ndinati Mbee ndi sopo wotsukira mbale, zovala ndi pansi. Sapha anankafumbwe, sapha nsikidzi, sapha nkhupakupa, si wothira m'chakudya kapena m'munda. Sachiza matenda alionse, sakhudza kachilombo ka m'magazi, ndipo si wakumwa ngakhale dontho. Ndinati za tizilombo tosaoneka ndinanena ndisanayezetse, ndiye sindikudziwa. Mawu ankanjenjemera, koma ndinawauza kuti asajambulenso, apite choncho.

Musaganize kuti m'mawa mwake Kapata anandiimbira m'manja. Anaseka koposa kale. Ana ankanditsatira akuyerekeza mawu anga, sapha, sapha, sapha. Koma uthenga unabwera kuchokera kwa amai Sakala kudzera mwa dalaivala uja, wakuti mtsikana uja wamva, ndipo botolo wataya m'chimbudzi. Tsiku limenelo ndinadya bwino koyamba.

Mowa sunachoke ndi misozi ya pa khonde ija. Ndinagwanso, osati kamodzi. Chimene chinandithandiza ndi chakuti ndinaleka kubisa. Ndinauza amai awiri a kumpingo, ndinauzanso Misozi pa foni, iye n'kulira, n'kundikalipira, n'kuliranso. Mabotolo onse opanda kanthu tinawatulutsa m'chipinda, a Tembo n'kuwatsekera m'kashedi, kiyi n'kumayenda naye. Nthawi yoopsa kwa ine inali ya m'mawa nyumba ikangoti zii, ndiye amai aja ankasinthana kubwera kuti tizipanga sopo limodzi nthawi imeneyo. Manja akakhala m'ndowa sagwira kapu. Ndinapitanso kukaonana ndi aphungu kuchipatala, ndipo sindichita nazo manyazi.

Sopo ndinapita naye kwa oyeza katundu. Anandiuza zimene ndinkalakwitsa pa kasakanizidwe, zina ndinamva, zina zinandidutsa pamwamba, ndinachita kufunsa kawiri katatu. Lebulo yatsopano imangoti Mbee, sopo wotsukira mbale, zovala ndi pansi, osamwa, osathira m'chakudya. Ndi yosakoma kuwerenga, ndikudziwa. Koma ndisanaisindikize ndinakwera basi kukaiwerengera amai Sakala ndi anzawo, n'kuwafunsa kuti mwamva chiyani. Osati mwamva kodi, chifukwa aliyense amati inde. Mwamva chiyani. Inunso chitani zimenezo. Botolo lina apo lalembedwa kuti amachotsa matenda m'nyumba. Mwini wake sindimutchula, koma amai, kawerengereni munthu amene ali ndi wodwala m'nyumba, mukamve chimene akayankhe. Ndipo chisamani chikadzakupezani, pitani, kamveni, chitani zimene mwalamulidwa msanga. Ine kuchedwa kwanga kukanapha munthu.

Komabe pali zimene sindizimvetsa mpaka pano. Mabotolo a makampani aja akadali m'mashopu, akunenabe zawo zija. Misozi akuti kumaiko ena nawonso amatengeredwa ku makhoti chifukwa cha mawu otere, amakangana ndi maloya zaka ndi zaka pa liwu limodzi. Kaya ndi zoona, kaya amangonditonthoza. Nanga iwo amayezadi? Mwina amayeza. Nanga ine ndikanasiya pafupifupi uja pa lebulo ndi pa wailesi, a Sakala sakanathira? Ndikuganiza kuti akanathirabe. Ndiye cholakwa chinali pa tonse, kapena pa tizilombo, kapena pa m'nyumba? Kapena chinali chakuti ndinalankhula chinenero chimene anthu amachikhulupirira? Ndimati ndikaigwira apa, yapulumukira apo. Makasitomala anabwerera ena, ena sanabwerere, ndipo alipo amene mpaka lero ndikati kunja kukutentha amayamba atuluka kukaona.

Nditsirize ndi za mwezi wathawu, pokolola. Ndinali pa tebulo langa kumsika, ndinangoona jekete lalikulu laima patsogolo panga. A Sakala. Chichokere ku khoti tinali tisanalankhulane, ngakhale ulendo wa lebulo uja anandizemba. Ndinati kaya ndalakwanso chiyani.

"Amai Tembo, muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu atate?"

"Tili bwino. Sindinabwerere sopo." Anazunguza chipewa m'manja. "Chimanga chachita bwino chaka chino. Ndikufuna mankhwala othira m'matumba. Ndalowa m'mashopu a zaulimi, aliyense akuti wake ndiye weniweni. Ndati mundiperekeze, mukandiwerengere."

Ndinati, "Ine? Atate, mwaiwala kuti ndine ndani? Tumani alangizi, kapena mwana wa sukulu."

"Kwa alangizi ndipita. Koma tiyeni kaye."

Ndinasiyira mnzanga tebulo, tinapita. Wogulitsa anatsitsa paketi, pakamwa pali liwiro, uyu ndi wamphamvu, uyu amamaliza zonse, chaka chathunthu simuona kanthu. A Sakala sanamuyang'ane n'komwe, anangondipatsa paketi ija. Ndinaitembenuza. Zilembo zing'onozing'ono, Chingerezi cha mankhwala. Ndinawerenga pamene ndinatha, ndinawauza kuti apa pajambulidwa nankafumbwe, apa akuti chimanga chikhale chouma. Pofika pa muyezo ndi nthawi yodikira musanadye, mutu unaima. Ndinawerenga kachiwiri, osamvabe. Munthu wayenda ulendo wonsewu kudzadalira ine, wogulitsa akundiyang'ana monyodola, ndipo pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti ndi wabwino, tengani.

Ndinabweza paketi. "Atate Sakala, pepani. Apa sindikumva. Sindidziwa. Musagule lero, tikafunse kaye."

Ndinkaganiza kuti akhumudwa. Iwo anavala chipewa chawo, n'kumwetulira koyamba chiwadziwireni.

"Ndiye chimene ndakutengerani," anatero. "Tauni yonse ino aliyense akudziwa. Ndimafuna mmodzi woti akapanda kudziwa andiuze."

Tinatuluka m'shopu muja opanda kanthu m'manja, iwo kutsogolo, ine pambuyo ndikupukuta m'maso ndi chitenje, tikufunsa anthu njira ya ku ofesi ya alangizi.

Ndathera pamenepa, amai a pampando. Zikomo pondimvetsera.